Gule wa Chigubu

Alamu anga a Lenard ali ndi galaja yoti munthu angadyere pansi pake. Ndinaiona koyamba pa foni, m'miyezi ya m'bindikiro, iwo akuyendetsa kamera pang'onopang'ono ngati akutionetsa tchalitchi chatsopano. Masipana anali pakhoma, iliyonse pa msomali wake, ndipo kuseri kwa sipana iliyonse anajambulako chithunzi chake ndi penti yofiira kuti isasochere. Panalibe ngakhale imodzi imene inali ndi dontho la girisi.

"Alamu, mukuona?" anatero. "Muno ndi mmene Mavu adzabadwirenso."

Ine ndinati ndikuona.

Mavu anali njinga yamoto, tikafuna kulankhula mwaulemu. Tinawapanga ku Dedza tili anyamata, m'zaka za m'ma 1980, makolo athu akugwira ntchito ku nkhalango ya paini. Injini yake inali ya makina odulira mitengo amene anatayidwa kuseri kwa shedi. Felemu inali ya njinga yakapalasa, yolimbitsidwa ndi mapaipi a madzi. Thanki inali chitini cha mafuta ophikira. Mabuleki anali nsapato za wokwerayo. Dzina linachokera ku kulira kwake, chifukwa akalira, agalu a m'makomboni onse ankathawira kunsi kwa nkhokwe.

Loweruka masana tinkapikisana pa msewu wafumbi wa malole a matabwa. Anyamata a kochekera matabwa anali ndi yawo, ya injini ya pampu yopopera mankhwala, ndipo panalinso ina ya ana a mlonda imene inkathera ulendo uliwonse m'ngalande. Ntchito tinagawana chonchi: ine ndinkapala mabowo a silinda ndi tupa, a Lenard ankakwera, ndipo mlongo wawo Edda ankasakaniza mafuta.

Za mafutazi ndiyenera kufotokoza. Injini zamtunduwu, zimene amakaniko amati thusitiroko, zilibe mosungira oyilo. Oyilo amathiridwa m'petulo momwemo, injini n'kumamwa zonse pamodzi. Petulo akalowa yekha, pisitoni imatentha, imatupa, n'kumatirira ku silinda. Zikatero injini yafa. Oyilo wake sankapezeka ku Dedza masiku amenewo. Edda, ali Fomu 3, anawerenga m'buku la sayansi kuti mafuta a nsatsi amagwira ntchito yomweyo. Ankathyola nsatsi kudzala, kuzikazinga, kuzisinja, kuziwiritsa, n'kusefa mafutawo pa nsalu mpaka atayera. Vuto linali limodzi. Nsatsi ndi petulo sizigwirizana, makamaka kukazizira. Zikakhala m'chigubu, mafuta amatsikira pansi, petulo n'kutsala yekha pamwamba. Choncho mpikisano usanayambe, Edda ankakhutchumula chigubucho. Chinali cholemera kwa mtsikana wochepa thupi, ndiye ankachikumbatira pachifuwa n'kumagwedezeka nacho thupi lonse, mapewa, chiuno, mawondo. Anyamata ankaomba m'manja n'kumakuwa kuti Edda wayamba gule. Iye sankaseka. Akatopa ankathira pang'ono m'botolo, n'kulikweza ku dzuwa kuti aone ngati mtundu wafanana kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Ndinamukwatira patapita zaka zingapo. Zifukwa zake si za nkhani ino.

Felemu ya Mavu inadyedwa ndi dzimbiri kalekale. Injini yokha ndiyo inatsala, chifukwa Edda anaisunga. Pamene ndinapeza ntchito yofufuza miyala kuno ku Perth, iye anaikulunga m'chitenje n'kuiika m'kontena pakati pa mapoto. Ogwira ntchito padoko anaitembenuza uku ndi uku kufuna dothi, poti la kunja saloleza kuti lilowe m'dziko muno, osalipeza. Kuyambira pamenepo inakhala pa shelefu m'galaja mwathu ku Girrawheen. Nthawi ndi nthawi Edda ankachotsa pulagi, kudonthezamo oyilo, n'kuizunguza ndi dzanja kuti isagwirane. Pisitoni yake ndi yomwe ija ndinaipala ndekha ku Dedza. Ina yofanana nayo kulibe, ngakhale mutafufuza dziko lonse.

Edda anamwalira ndi khansa mu Epulo 2020. Malamulo a mliri analola anthu owerengeka okha kumanda. Kutumiza maliro kumudzi kunali kosatheka. A Lenard anali atangotsika ndege kuchokera ku mgodi wina kunja, ndipo anatsekeredwa m'chipinda cha hotela mumzinda. Mwambo wonse anauonera pa foni. Analira mokweza moti abusa anapempha mwana wanga Tithokoze kuti awatsekere mawu, anthu amve pemphero.

Sindinawaimbe mlandu pa zimenezo. Zimene zinanditopetsa zinadza pambuyo pake.

Ntchito yawo ya kunja itaima, a Lenard anakhala pakhomo pawo ku Ellenbrook, dera lina la konkuno ku Perth, opanda chochita, ndipo anayamba kukumbukira. Ankakumbukira pa gulu la WhatsApp la Amalawi a ku Perth, pafupifupi tsiku lililonse. Poyamba analemba kuti anathandiza nawo kupanga Mavu. Patapita milungu anali atawajambula okha pa pepala la simenti. Chaka chisanathe Mavu anali atapitirira galimoto ya bwana wa nkhalango pa chitunda, a Lenard atagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi. Ine ndikukumbukira kuti anapambana kamodzi, tsiku limene tcheni cha anyamata a kochekera matabwa chinaduka. Masiku enawo tinkawazula m'tchire.

Anthu ankayankha ndi tizithunzi ta moto ndi ta manja opemphera. Amuna amene sanagwirepo sipana anayamba kudandaula kuti ana a masiku ano sadziwa kupanga zinthu. Bambo wina wa ku Zambia, amene sanapondepo ku Dedza, analemba kuti kulira kwa Mavu kudakali m'makutu mwake. Ndinaona kuti munthu akatsekeredwa m'nyumba yotentha bwino, firiji ili yodzaza, umphawi wake wakale umasanduka chinthu chokoma kwambiri. Palibe amene ankakumbukira zala zopsa, kapena njala ya Loweruka madzulo tikukankha njinga yakufa kubwerera kunyumba.

Kenaka anagula makina owotcherera, naitanitsa mapaipi, nayamba kupanga felemu yatsopano. Ndipo tsiku lina anandiimbira.

"Alamu, chaka chikukwana. Ndaganiza kuti chikumbutso cha mlongo wanga chisakhale cha tiyi ndi mabisiketi ayi. Mavu alirenso. Mundibwereke injini ija."

"Injini ija siyoyendera," ndinatero. "Ndi yokalamba."

"Ifenso ndife okalamba, koma tikuyenda!" Anaseka okha. "Kamodzi kokha, alamu. Anthu amve zimene tinkamva."

Ndinati ndiganiza, kumene kwa ine kumatanthauza kuti ayi. Iwo anadziwa, choncho anadzera kwa Tithokoze.

Tithokoze amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Morley. Anakulira kuno, ndipo ndikamulankhula m'Chichewa amayankha m'Chingelezi. Akafuna chinthu kwa ine ndi pamene Chichewa chake chimatuluka, chopindika ngati waya. Anabwera Lamlungu masana atanyamula nkhuku yootcha, nakhala pa mpando wa mayi ake.

"Adadi, ankolo sanaike nawo maliro."

"Ndikudziwa."

"Inu munaponya dothi. Ine ndinaponya dothi. Iwo anaona denga la hotela." Anaima kufunafuna mawu. "Amama si anu nokha."

Mawu amenewo sindinawakonde, koma anali oona. Loweruka lotsatira ndinaika injini m'katoni, ndinaiyendetsa mpaka ku Ellenbrook, kudutsa nyumba zofanana ngati mazira a m'thireyi. A Lenard anandilandira atavala ovolosi yoyera yosita. Akazi awo, a Felesta, anaima pakhomo la galaja foni ili m'mwamba, kujambula.

"Iyende kamodzi," ndinatero. "Ndibwerera nayo tsiku lomwelo. Ndipo mafuta ake..."

"Nsatsi!" anakuwa a Lenard. "Ndaitanitsa kale, alamu. Yeniyeni. Ndikufuna fungo lija."

"Musakanize tsiku lomwelo. Asagonere."

"Alamu." Anandigwira phewa, natembenukira ku kamera. "Ine ndimayang'anira magalimoto a mumgodi amene tayala lake limodzi ndi lalitali kuposa nyumba iyi. Mukufuna kundiphunzitsa za Mavu? Amene ankakhala pamwamba pake anali ndani?"

"Inu," ndinatero. "Nthawi zina."

A Felesta anaseka, kenaka anaona nkhope ya amuna awo n'kusiya.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo uchitike, vidiyo inafika pa gulu. A Lenard, atavala magolovesi, ankayeza mafuta a nsatsi m'kapu ya mizeremizere n'kumathira m'chigubu chachikulu chachitsulo, chobiriwira, chonga cha asilikali. Mavu amamwa petulo wosadzaza ketulo, koma alamu anga sachita chinthu pang'ono. Madzulo a tsiku lomwelo boma linalengeza m'bindikiro wina wadzidzidzi. Mwambo unaimitsidwa. Atasankha tsiku lina kunagwa mvula. Atasankhanso lina kumapeto kwa Juni, tinatsekeredwanso. Nthawi yonseyi injini inali ku Ellenbrook, ndipo pa shelefu panga panatsala bwalo loyera pakati pa fumbi. Ndinkapewa kuyang'anapo ndikamatulutsa galimoto.

Mwambo unachitika mu Julayi, Loweruka m'mawa, pa malo amchenga kuseri kwa mitengo ya paini, kumene anthu amaloledwa kuthamangitsa njinga zamoto. Kunkazizira ngati ku Dedza. A Lenard anatchula zimenezo kangapo konse, ngati kuti nyengoyo anaikonza okha.

Panali tenti, mipando yapulasitiki yotalikirana monga mwa lamulo, ndi zokuzira mawu. Anthu anavala masiki pachibwano. Pafupifupi aliyense anali ndi malaya oyera osindikizidwa nkhope ya Edda, chithunzi cha pa ukwati wa munthu wina, chimene iye ankadana nacho chifukwa cha wigi. Ine anandipatsanso anga. Ndinawapinda n'kuwaika pansi pa mpando.

Mavu atsopano anaima pakati, ataphimbidwa ndi nsalu. Abusa atapemphera, a Lenard anachotsa nsaluyo, anthu n'kuomba m'manja. Felemu inali yachikasu ndi mizere yakuda, yonyezimira. Inali ndi mabuleki, mpando wachikopa, ngakhale kagalasi koonera kumbuyo. Pakati pa zonsezo panali injini yathu, yaing'ono, yakuda, ngati nkhalamba imene ana ake aiveka suti kuti aijambule.

A Lenard analankhula nthawi yaitali. Anali atavala zachikopa kuyambira m'khosi mpaka ku akakolo, ndipo akakweza mkono chikopacho chinkalira. Anafotokoza za chitunda ndi galimoto ya bwana. Anandipempha kuti ndinenepo mawu, ine ndinapukusa mutu, iwo n'kuuza anthu kuti alamu awo chisoni chinawatseka pakamwa. Amayi ena anandiyang'ana mwachifundo. Chaka chonse anthu a kutchalitchi ankadikira kuti ndilire pamaso pawo, ngati kuti ndinawalonjeza.

"Tsopano," anatero a Lenard, "pali chinthu chimodzi chimene mlongo wanga ankachita. Mpikisano uliwonse usanayambe, ankanyamula chigubu n'kutivinira. Kutipatsa mphamvu. Kutipatsa mwayi. Sitinathamangepo Edda asanavine. Amayi, gule wa Edda!"

Nyimbo inayamba. Kuseri kwa tenti kunatuluka a Felesta ndi amayi a chigwirizano pamzere, aliyense atanyamula kachigubu kofiira kapulasitiki, katsopano, komangidwa riboni. Tizigubuto tinali topanda kanthu m'kati. Ankatiponya m'mwamba, kutizunguza pamutu, kutigwedeza ndi zala ziwiri ngati maseche. Zinaoneka kuti anayeserera kwa milungu. A Felesta ankatsogolera akumwetulira, misozi ikutsika.

Ndinakhala n'kumaonerera. Munthu anakula ndi mlongo wake nyumba imodzi, anamuona akupsa manja ndi mafuta owira, anaima pambali pake Loweruka lililonse, ndipo chimene anaona n'chakuti mtsikana akuvinira anyamata. Ndinayang'ana pansi kuti nkhope yanga isaoneke.

Ndi pamene ndinaona chigubu chobiriwira chija. Chinali kunsi kwa tebulo, pa mchenga wozizira, mame ali mbuu pamwamba pake.

Gule atatha, a Lenard anadutsa pafupi ndi ine kupita ku tebulo. Ndinawakoka chikopa cha pamkono.

"Alamu, mafutawo ndi aja a mu Epulo?"

"Omwewo! Sindinawakhudze. Akhala pakona m'galaja mwakachetechete. Ngakhale pobwera kuno ndinauza mayi a kunyumba kuti ayendetse pang'onopang'ono, asagwedezeke n'komwe."

"Afunika kukhutchumula."

"Mwati?" Maso awo anali kale pa anthu. Anakweza maikolofoni. "Alamu anga akuti chigubu chigwedezekenso! Gule wawakhudza! Tidzabwereza pomaliza, alamu, musadandaule."

Anthu anaseka mokoma mtima. A Lenard anakoka chigubu mosamala ngati muli mazira, anatsegula chivindikiro, naika fanelo pa thanki.

Ndinadziwa zimene zichitike. Pamwamba pa chigubucho panali petulo yekhayekha. Injini ikanalira bwino, mwina kuposa kale. A Lenard akanathamanga mpaka pa mtengo woyamba kapena wachiwiri, ndiyeno phokoso likanaduka ngati wina waliponda pakhosi, tayala n'kugwira, iwo n'kuuluka ndi chikopa chawo chonse pamaso pa mafoni onsewo. Mchenga unali wofewa, sakanavulala. Sindibisa, chithunzi chimenecho chinandikomera. Ndinachiyang'ana m'maganizo mwanga kanthawi ndithu. Koma pambuyo pake ndikanapita kunyumba ndi chitsulo chogwirana, choti dzanja silingachizunguzenso.

Ndikanatha kulanda maikolofoni n'kufotokoza. Kutero kukanakhala kulankhula kumene ndinakana kuja, komanso kuuza munthu pamaso pa mpingo wake kuti mlongo wake sankamudziwa. Ngakhale a Lenard sindinawafunire zimenezo. Ndiponso akanatsutsa, ndipo anthu akanakhulupirira wa maikolofoni.

Ndinaimirira, ndinapita, ndinawalanda chigubucho m'manja. Ndinatseka chivindikiro mwamphamvu.

Chinali cholemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinayesa kuchigwedeza ndi manja okha, sichinatheke. Panali njira imodzi basi. Ndinachikumbatira pachifuwa, ndinapinda mawondo, ndinayamba: kumanzere, kumanja, pansi, m'mwamba. M'katimo ndinamva petulo akuthamanga, ndipo pansi pake china cholemera, chaulesi, chikukana kunyamuka.

 Kenaka mayi wina anaimba nthungululu.

"Ayamba!" anakuwa a Felesta. "Bambo a Tithokoze ayamba! Ikani nyimbo, inu!"

Nyimbo inabwerera. Amayi anandizungulira ndi tizigubu tawo. Amuna anaimirira n'kumaomba m'manja motsatira mapewa anga. Mafoni onse anali pa ine.

"Tulutsani, bambo, tulutsani zonse!"

"Chaka chathunthu ali duu, lero Mulungu wawamasula!"

"Chiuno icho, a Ezra! Kodi munkachibisa kuti?"

"Ameneyu ndiye gule wa ku Dedza weniweni," anatero bambo wa ku Zambia uja. "Ndamukumbukira!"

Ndili ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo msana wanga unatha ndi kunyamula miyala m'chipululu. Mafuta ozizira samvera msanga. Ndinatembenuza chigubu chadodolido, ndinachibweza, ndinapitiriza. Thukuta linatsikira m'masiki. Pamene manja anayamba kufa dzanzi ndinachiika pansi, ndinatola botolo la madzi lopanda kanthu pa tebulo, ndinathiramo pang'ono, n'kulikweza ku dzuwa.

"Akupereka kumwamba!" anatero wina. "Amen!"

Munali timizere, ngati uchi m'madzi. Ndinabwezeramo, ndinanyamulanso chigubu. Anthu anakuwa kwambiri kuposa poyamba. A Lenard anagwada pa mchenga, maikolofoni ili pakamwa, akulira m'zokuzira mawu kuti, "Ndi yemweyo! Mmene ankachitira ndi mmenemo!" Pa zonse zimene ananena tsiku limenelo, chimenecho chokha chinali choona.

Ulendo wachiwiri botolo linaonetsa mtundu umodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndinathira ndekha m'thanki, pang'ono chabe, ndinatseka.

"Kamodzi," ndinawauza a Lenard, ndikupuma movutika. "Mpaka pa mitengo apo n'kubwerera."

Amuna awiri anawakankha. Injini inatsokomola, inakana, inatsokomolanso. Kenaka inagwira. Phokoso lake linali lomwe lija, lopyapyala, laukali, lolowa m'mano. Mbalame zinabalalika m'mapaini. Utsi wabuluu unatsalira m'mbuyo n'kutifika pamene tinaima, ndipo fungo la nsatsi yopsa linadutsa masiki ngati palibe. Ndinali ndisanalimve kuyambira ndili mnyamata. Ndinayang'ana mitengo mpaka utsiwo utapita.

A Lenard anayenda liwiro la munthu wopita kumsika, miyendo ili tang'a mbali zonse, mabuleki atsopano akulira. Pokhota pa mitengo, tayala lakutsogolo linalowa mu mchenga, iwo n'kugwa chammbali mofatsa, ngati thumba la chimanga lotsamira khoma. Anthu anathamangira iwo. Ine ndinathamangira injini, imene inali ikulirabe chogona, ndinazula waya wa pulagi.

Nditaidikira kuti izizire, ndinaizunguza ndi dzanja. Inazungulira mofewa, n'kukankha pang'ono pamene iyenera kukankha. Ndinapita ku galimoto, ndinatenga masipana anga, ndinayamba kuimasula pa felemu pomwepo.

A Lenard anabwera atavula chisoti, mchenga uli m'ndevu, maso ali ofiira.

"Mwaona kukhota kuja, alamu? Mchenga wa kuno ndi wonyenga. Ku Dedza ndikanadutsa."

"Ku Dedza munkagwera kumanzere," ndinatero. "Lero mwagwera kumanja."

Sanamve, kapena anasankha kusamva. Anakhala pansi pambali panga, nayang'ana manja anga akumasula mabawuti.

"Sindinkadziwa kuti mumamusowa chonchi," anatero motsitsa mawu, maikolofoni palibe. "Mmene munavinira muja... Zikomo, alamu. Lero ndamuika mlongo wanga."

Bawuti lomaliza linali lolimba. Ndinalimbana nalo kanthawi.

"Gwirani apa," ndinatero. Anagwira felemu, bawuti n'kumasuka.

Pobwerera anayendetsa Tithokoze, chifukwa chigubu chija chinali chitandithyola msana. Injini inali m'katoni pamiyendo panga, idakali yofunda. Foni yanga inkalira m'thumba mosalekeza. Vidiyo inali itafika kale pa gulu, ndipo wina analemba pamwamba pake kuti chikondi sichikalamba. Pansi pake panali tizithunzi ta moto.

Tinadutsa nyumba zofanana zija. Titaima pa maloboti, Tithokoze analankhula, m'Chichewa, ngakhale panalibe chimene ankafuna kwa ine.

"Ku ntchito tili ndi mankhwala a ana, a m'botolo. Timauza makolo kuti akhutchumule kaye." Anandiyang'ana. "Amama sankavina, eti?"

"Ayi."

"Ndiwauze ankolo?"

"Kwayaka kobiriwira," ndinatero.

Masana onse ndinakhala m'galaja. Nsatsi ikasiyidwa m'injini imauma n'kusanduka phula, choncho ndinamasula kabuleta, ndinaitsuka ndi petulo woyera, ndinapukuta silinda, ndinadonthezamo oyilo watsopano. Ndinaika injini pa shelefu, pa bwalo lake lomwe lija. Msana unandiuza kuti mawa sindidzuka.

Tithokoze asanapite anatola jekete yanga pa mpando, anainunkhiza, nakwinya mphuno.

"Iyi ikununkha utsi, adadi. Ndikuikireni m'makina?"

"Isiye pomwepo," ndinatero. "Ndichapa ndekha."